Mukufuna kusintha ntchito muli ndi zaka 40? Kalata yosiyira ntchito ibwere kumapeto, yambani chonchi

Amene mumaonera The Rookie nkhani yake mukuidziwa kale. John Nolan, bambo wa zaka za m'ma 40 wa ku Pennsylvania, banja latha, ntchito yake ya zomangamanga yamukwana, tsiku lina akupezeka m'banki nthawi yomwe achifwamba alowa ndi mfuti, nde basi mtima watembenuka, ulendo wa ku Los Angeles kukalowa upolisi limodzi ndi ana oti akanatha kuwabereka. Seweroli linayamba kuonetsedwa pa ABC mu 2018, amene amasewera ngati Nolan ndi Nathan Fillion, ndipo si zopeka zonse ayi, analitenga pa munthu weniweni, William Norcross, yemwe analowadi LAPD, polisi ya ku Los Angeles, ali ndi zaka za m'ma 40.

Ukaonera ma episode atatu otsatizana magetsi alipo, mtima umatentha ndithu, umayamba kuona ngati mawa lomwe ukaponye makiyi a ofesi patebulo la abwana. Koma taonetsetsani bwinobwino. LAPD ilibe malire a zaka kumtunda, olo uli ndi imvi umaloledwa bola thupi likhoze mayeso. Ophunzira amalandira salale ali ku maphunziro komweko. Nolan akufikira m'nyumba ya alendo ya mnzake wolemera, za landilodi palibe, mwana wake ndi mmodzi ndipo ndi wamkulu kale ali ku koleji. Inu muli ndi ana atatu, wina ali fomu 3 ku boarding, lendi pa 30, mayi kumudzi ku Namwera akudikira feteleza. Kusintha ntchito kumatheka kuno ku Mangochi, anthu akusintha, koma dongosolo lake ndi lina, ndipo amene amagwa ambiri sikuti anasankha ntchito yolakwika, anangoyambira kumapeto.

1. Mukuthawa chani kwenikweni?

Izi sizitenga nthawi. Tengani kope, kwa milungu iwiri madzulo aliwonse lembani chomwe chakuwawani ku ntchito tsikulo. Mukawerenga pamapeto nkupeza kuti dzina la munthu mmodzi ndi lomwe ladzadza tsamba, vuto lanu si ntchito, ndi bwana, pemphani transfer kapena sakani ntchito yomweyo kwina. Ngati ndi ndalama zokha, mwina mukufunika geni yapambali osati kusiya. Koma ngati ndi ntchito yeniyeniyo, choko chakukwanani, kapena msana sukulolanso kukoka khoka usiku, kapena mukuona nokha kuti kampani ikumira, pitirizani kuwerenga.

2. Dziwani zitseko zomwe zinatsekedwa kale, musataye nthawi kugogoda

Tinene mosabisa, upolisi wa kuno pa zaka 40 iwalani. A Malawi Police Service akamalengeza zolemba anthu amaika malire a zaka, amafuna achinyamata, ndi MSCE m'manja, kenako maphunziro a miyezi ingapo ku malo ngati Kanjedza ku Limbe kapena Mtakataka. Ku MDF chimodzimodzi, kundende chimodzimodzi. Ndipo apa ndi pomwe akathyali amadyera anthu. Wina akuimbirani kuti ali ndi m'bale ku likulu ku Area 30, tumizani kenakake pa Airtel Money kapena Mpamba dzina lilowe pa list, wina akuti akuchepetserani zaka pa ID, wina akuti setifiketi ya MSCE ilipo yogulitsa ya ma credit six. Ntchito ya boma sigulidwa, chiphaso cha NRB chili ndi zala zanu mu kompyuta, ndipo setifiketi amakaifunsa ku MANEB. Mupezeka mwalowadi kupolisi koma mbali ya m'chitokosi.

Ngati chomwe chimakukokani ndi chitetezo chenichenicho, njira zilipo zina. Apolisi a m'madera amalandira munthu wamkulu ndi manja awiri, chifukwa wa zaka 45 wodziwika m'mudzi akalankhula anthu amamva kusiyana ndi mnyamata, kungoti muziwerengera kuti imeneyo ndi ntchito yongodzipereka, sikudyetsani. Makampani a zachitetezo ndi mahotela a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear, amafuna oyang'anira alonda, munthu woti atha kulemba lipoti lomveka, kukonza ndandanda ya ma shift, kulankhula ndi mlendo yemwe foni yake yasowa osakwiya. Mphunzitsi wakale kapena kalaliki ntchito imeneyo angaigwire bwino kuposa mmene akuganizira.

Ndipo werengani zaka zotsala. M'boma anthu amapuma pa 60. Muli ndi 42, kosi ya zaka ziwiri ikusiyirani zaka 16 zogwira ntchito, zimenezo nzambiri. Koma digiri ya zaka zinayi ya pa ngongole, kenako zaka zina ziwiri mukuyenda ndi envelopu ya khaki kupikisana ndi ana a zaka 23, pamenepo masamu ake akuyamba kuvuta.

3. Ndalama. Apa khalani pansi ndi kalikuleta

Gawo lomwe anthu amalidumpha ndi ili, chifukwa silisangalatsa.

Yambani ndi zomwe nyumba yanu imadya pa mwezi, zenizeni osati zomwe mumauza anthu. Lendi, chimanga ndi kuchigayo, ndiwo, makala, ma unitsi, madzi, bandulo, sopo, transport ya ana, fizi muigawe pa miyezi, kuphatikiza zija simumazilemba koma zimabwera mwezi uliwonse, maliro, chinkhoswe cha mwana wa achemwali, chopereka ku tchalitchi kapena ku mzikiti, odwala. Tiyerekeze zakwana K350,000. Muchulukitse ndi 6. Ndalama imeneyo ndi ya pakhomo, si mpamba wa bizinesi, ndipo ziwirizi zisagone m'thumba limodzi. Amene amasakaniza amapezeka mwezi wachitatu akudya mpamba uku akudziuza kuti abweza katundu akayenda.

Miyezi 6 ndi poyambira chabe, ngati mungafike 9 ndi bwino. Ndipo kumbukirani kuti kwacha simakhala malo amodzi, inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anasunga mpamba wonse mu akaunti anadzuka m'mawa ndalama zomwezo zikugula katundu wochepa kwambiri. Nde gawo lina lisandutseni zinthu pomwe mukadali pa salale. Matumba a chimanga nthawi yokolola mitengo ili pansi, muthire mankhwala muike pa thandala. Zipangizo za ntchito yatsopanoyo muzigula chimodzichimodzi mwezi uliwonse, mwezi uno grinder, mwezi wamawa welding machine, kapena mashini osokera, kapena cooler box. Fizi ya teremu yotsatira mulipiriretu ngati sukulu ikulola.

Tsopano za ndalama zomwe mukuganiza kuti mudzalandira potuluka. Anthu ambiri amawerengera severance, ndalama yomwe bwana amapereka pochotsa munthu ntchito. Mukasiya nokha, severance palibe, imeneyo ndi ya munthu yemwe wachotsedwa chifukwa ntchito yachepa kapena wachotsedwa mopanda chilungamo. Chomwe ndi chanu ndi malipiro a masiku omwe mwagwira ndi masiku a tchuthi omwe simunatenge. Nde ngati mphekesera zikumveka kuti kampani ichepetsa anthu chaka chino, kudikira miyezi ingapo kungakupatseni mpamba womwe mukanautaya posiya nokha. Ku ofesi ya labour pa boma amafotokoza zimenezi ulere, pitani ndi kalata yanu yolembedwera ntchito ndi ma payslip.

Penshoni nayo si ATM. Mwalamulo bwana amaika 10 peresenti inu 5 peresenti mwezi uliwonse, koma kusiya ntchito lero sikutanthauza kuti mawa akupatsani yonse, pamakhala nthawi yodikira ndipo chomwe chimatuluka munthu asanafike msinkhu wopuma ndi gawo chabe. Lamulo lake linakonzedwanso mu 2023, nde musadalire zomwe anakuuzani mnzanu yemwe anasiya ntchito kalekale. Pemphani statement ku kampani yomwe imasunga penshoni yanu mudakali pa ntchito. Muone ndi maso anu ngati ndalama zakhala zikulowa, chifukwa alipo mabwana omwe amadula pa payslip koma osatumiza, ndipo nkhani imeneyo imavuta kuilondola ukakhala unatuluka kale pa geti. A m'boma, pitani kwa a HR mufunse kuti mwatsala ndi nthawi yaitali bwanji kuti muyenerere kupuma mwakufuna kwanu. Kusiya kutatsala chaka chimodzi kuti muyenerere ndi kutaya ndalama mwadala.

Ngongole za pa payslip malizani kapena mudziwe kuti azidzadula pati. Za katapila musayandikire nkomwe, ntchito yatsopano sibereka msanga moti nkuthamangitsana ndi chiwongoladzanja cha pa mwezi. Banki mkhonde ndi SACCO ndi zabwinoko, koma nazonso tengani ndalama yoti mutha kubweza olo geni itapanda kuyenda, anthu a mu gulu akabwera kudzanyamula sofa samabwera mwakachetechete.

4. Sankhani ntchito yomwe ili pafupi ndi zomwe mukudziwa kale

Munthu wa zaka 40 sayambira pa ziro pokhapokha atafuna yekha. Olo Nolan yemweyo, kangapo konse chimamupulumutsa ndi zaka zomwe anakhala akumanga nyumba ndi kulankhula ndi anthu, osati liwiro. Lembani zinthu zitatu, zomwe manja anu amadziwa, anthu omwe amakudalirani, ndi malo omwe mumawadziwa kuposa mlendo. Ntchito yatsopano igwiritse ziwiri mwa zitatuzo.

Msodzi yemwe wakhala pa nyanja zaka 20 amadziwa kulira kwa engine ya boti ikayamba kudwala, amadziwa eni makoka a chilimira onse kuyambira ku Malembo mpaka ku Makanjira. Ameneyo kuphunzira kukonza ma engine ndi sitepe imodzi, makasitomala ali nawo kale, kusiyana nkuti akatsegule salon pa boma. Mayi yemwe wakhala akuphika pa lodge amadziwa kuphikira anthu 80 nsima osapserera, maukwati ndi misonkhano ya mabungwe imene imadzadza kunyanja kuno ndi yake. Kalaliki wa ku ofesi amadziwa mabuku, ndipo eni mashopu ndi eni maboti ambiri ndalama ali nazo koma mabuku alibe. Dalaivala wa minibasi ya Mangochi–Liwonde yemwe watopa ndi kulimbirana ma pasenja atha kukweza layisensi nkupita ku ma truck odutsa pa Chiponde.

Ndipo abale athu obwerera ku Joni, inu nde muli ndi chuma chomwe simuchiwerengera. Zaka 10 mukuika matailosi ku Johannesburg, kupenta, kukonza ma garden, kuika ceiling, ndipo kuno anthu akumanga usiku ndi usana, ambiri ndi ndalama za ku Joni komweko. Koma chomwe timaona nchoti munthu akafika amagula njinga yamoto ya kabaza chifukwa aliyense akugula, kuipereka kwa mnyamata, miyezi inayi njinga ili pa sitolo ya ma spare, level ndi tile cutter zili pansi pa bedi zikuchita dzimbiri. Kabaza sindikuinyoza, ikudyetsa mabanja, koma taimani pa roundabout muwerenge njinga zomwe zikudikira pasenja mmodzi.

5. Yesani mudakali pa salale

Apa nde pagona nkhani. Musanalembe kalata iliyonse, ntchito yatsopanoyo muigwire ndi manja anu Loweruka, pa tchuthi, madzulo, kwa miyezi itatu kapena kuposa. Osati kufunsa chabe, amene zikumuyendera sakuuzani zonse ndipo amene zinamukanika akuuzani zoipa zokhazokha.

Titenge geni ya usipa poti ndi yomwe aliyense wa pa ntchito kuno amailota. Pa pepala ndi yophweka, gula ku dooko, yanika, tumiza ku Limbe kapena ku Lilongwe, ndalama. Tsopano tengani tchuthi cha sabata imodzi mukakhale ku dooko. Mudzuka 4 koloko kukadikira maboti, ndipo mupeza kuti amene afika ndi nsomba ali kale ndi anthu awo, amayi omwe anawakongoza ndalama ya petulo dzulo, inu mlendo mugula zotsala kapena mugula modula. Muphunzira kuti muyezo wa chigoba umasiyana malinga ndi dzanja la woyeza. Muphunzira kuti matandala oyanikira ali ndi eni ake ndipo amalipiritsa, kuti usipa ukauma umachepa moti ndowa zomwe munagula si ndowa zomwe mugulitse, kuti wofutsa umafuna nkhuni ndi mchere ndi munthu woima pa moto, kuti mitambo ikangochita mdima masana mtima umakhala m'mwamba chifukwa usipa wonyowa kawiri umasanduka chakudya cha nkhuku. Mwezi ukawala usiku nsomba zimachepa poti nyali za asiginala, asodzi okopa usipa ndi kuwala, sizikoka, mtengo umakwera. Mwera ukabwera nyengo yozizira maboti amatha masiku ali pa mchenga. Kumapeto kwa chaka kuyambira Novembala boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti chambo chiswane, ndipo a BVC, makomiti oyang'anira usodzi m'madooko, ndi a fisheries amalanda zida. Kenako ku msika, wogula wa ku Limbe akuti siyani katundu ndikutumizirani Lachisanu, Lachisanu lake silifika.

Zonsezi muzione ndi ndowa ziwiri zitatu, ndalama yoti ikatayika simulira, ndipo lembani chilichonse mpaka ya wonyamula ndi tikiti ya msika. Mukabwereza kangapo nyengo zosiyana mudziwa phindu lenileni, osati la tsiku limodzi lomwe munachita mwayi. Kwa amayi ndinenepo ichi poti chimachitika ndipo aliyense kunyanja akuchidziwa, nsomba zikachepa alipo asodzi ena omwe amafuna zina osati ndalama. Pitani ndi ndalama yanu m'manja ndipo lowani gulu la amayi anzanu ogula limodzi.

Ntchito za manja chimodzimodzi. Pezani mmisiri wabwino, osati wachibale, mumuuze kuti ndikufuna ndizibwera Loweruka, ndinyamula makwerero, ndisakaniza simenti, simundilipira. Ena amafuna kangachepe, perekani. Loweruka lachinayi mukadzuka thupi lonse likuwawa koma mukufunabe kupita, ndi chizindikiro chabwino. Mukayamba kupeza zifukwa, maliro apa, mutu apa, mwapulumutsa ntchito yanu yakale ndipo palibe yemwe akudziwa kuti munayesa.

Chenjezo limodzi, onani kontrakiti yanu, ndipo geni yanu isayendere galimoto, nthawi kapena makasitomala a abwana. Kuchotsedwa chifukwa cha zimenezo kumaononga dzina lomwe mukufuna kudyera kutsogoloku.

6. Mapepala, koma okhawo ofunika

Osathamangira kosi chifukwa choti ili ndi dzina lalitali. Funsani kaye anthu omwe amalemba ntchito kapena kupereka ma kontrakiti kuti amafuna pepala lanji.

Ngati luso muli nalo kale koma mulibe chosonyeza, simukufunika kukhala m'kalasi zaka zitatu. Pali trade test ya ku unduna wa zantchito, kuyambira Grade 3 kukwera mpaka Grade 1, amakuyesani zomwe manja anu amadziwa. A TEVETA nawo, omwe alipo kuyambira 1999, ali ndi njira yoyesera anthu omwe anaphunzirira luso pa ntchito nkuwapatsa setifiketi, obwera ku Joni imeneyi ndi yanu. Amene akuyamba kumene, ma community technical college amaphunzitsa zomangamanga, ukalipentala, kusoka, kuwotcherera, ndipo fizi yake siifanana ndi ya ku yunivesite. Za magetsi ndi sola, kuti muzigwira mwalamulo pamafunika chilolezo cha MERA. Za nyanja tili nazo pakhomo, Malawi College of Fisheries ili ku Mpwepwe, sukulu ya za sitima ili ku Monkey Bay, pitani nokha mukafunse za makosi omwe alipo ndi zoyenereza zake mmalo momvera za pa WhatsApp.

MSCE ikakhala ndi yomwe ikukutsekerezani, ma open school alipo masana ndi madzulo, mumalembetsa mayeso a MANEB ngati wina aliyense. Inde mukhala benchi limodzi ndi anzake a mwana wanu, sabata yoyamba aziseka, yachiwiri azikubwerekani cholembera. Amene muli ndi diploma, mayunivesite ali ndi mature entry komanso maphunziro a patali ndi a kumapeto kwa sabata, mumaphunzira salale ikulowa.

Wa bizinesi, kalembetseni dzina, tengani TPIN, nambala ya msonkho, ku MRA ndi layisensi ya khonsolo. Zimaoneka ngati zotayitsa nthawi mpaka tsiku lomwe lodge kapena bungwe likufuna kukupatsani oda nkufunsa invoice ndi akaunti ya bizinesi. Ndipo chilichonse chomwe mwagwira jambulani pa foni, bafa lomwe mwaika matailosi, geti lomwe mwawotcherera, diresi la mkwatibwi. Kuno chithunzi pa status chimabweretsa kasitomala msanga kuposa CV.

7. Kunyumba

Akunyumba asamve kwa anthu. Ndipo musawauze ngati chilengezo, akuti mayi a ana ndaganiza zosiya ntchito, ayi, khalani pansi ndi kope lija la masamu, aone okha miyezi yomwe mwasungira, chomwe chichepe pakhomo, ndi tsiku lomwe mudzabwerere m'mbuyo zikakanika. Nthawi zambiri iwo ndi omwe akudziwa mtengo weniweni wa pakhomo, akukonzerani masamuwo. Amayi omwe mukusintha ntchito, abambo ena amaopa kuti mukayamba kuyenda ku madooko kapena ku Lilongwe ndi katundu ndiye kuti banja lagwedezeka, kambiranani za maulendo ndi za ana poyambirira, pakavuta ankhoswe alipo.

Achibale omwe mumawathandiza auzeni mosapita m'mbali kuti chaka chino thandizo lichepa, anene zomwe anene. Ena onse, anzanu a pa bawo, a ku ofesi, asadziwe kaye. Osati za ufiti ayi kkkk, kungoti nkhani ikafika kwa abwana musanakonzeke mupezeka mwatuluka nthawi yomwe simunasankhe.

8. Tsopano kalata ija

Lembani pokhapokha izi zitakwana, ndalama ya pakhomo ilipo, zipangizo zilipo, mwayesa ndipo pali makasitomala kapena kalata ya ntchito yatsopano yosainidwa. Lonjezo la pakamwa la bwana wina pa bala si kalata.

Nthawi yake isankheni. Kusiya mu Disembala ndi kudzipha, kutsogolo kuli fizi ya Januwale, feteleza wobereketsa, chimanga chakwera, anthu alibe ndalama zomangira kapena zosokera. Kuyambira Epulo mpaka Juni zinthu zimapepuka, chakudya chilipo, alimi agulitsa, zomangamanga zimayamba mvula ikatha. Ngati pa ntchito panu pali bonasi kapena kontrakiti ikutha mwezi wodziwika, dikirani zimenezo. Ndipo musanasiye funsani ngati angakupatseni tchuthi chosalipidwa cha miyezi ingapo, ena amalola, chitseko chimakhala chikadali chotsegula.

Wolandira pa mwezi notisi yake ndi mwezi umodzi, pokhapokha kontrakiti itanena zoposa apo, mukangochoka osapereka notisi akudulani ndalama ya mwezi umenewo. Kalata ikhale ya mizere inayi, tsiku lomaliza, zikomo, basi. Zonse zomwe mwasunga mumtima zaka 12 musazilembe. Mangochi ndi yaing'ono, bwana yemweyo mukumana naye pa Bakili Muluzi Bridge, pa maliro, ku banki, ndipo mwina kasitomala wanu woyamba wamkulu ndi iyeyo. Perekani makiyi ndi katundu yense mosainirana, tengani kalata ya umboni kuti munagwirapo ntchito musanatuluke, pambuyo pake ma fayilo amasowa.

9. Miyezi yoyamba

Chomwe seweroli linalondola ndi ichi. Nolan akuphunzitsidwa ndi wapolisi wamng'ono kwa iye, ndipo sajeni wake akumuona ngati bambo yemwe wangosokonezeka ndi ukalamba, woti aika anzake pa ngozi. Zimenezo mukumana nazo ndendende. Dzulo munali aphunzitsi kapena abwana, lero mnyamata wa zaka 24 akukuuzani kuti madala mwagwira molakwika, bweretsani sipanala ija. Walira mvula walira matope. Muyankheni bwino, mufunseni kawiri pomwe simunamve, mugulireni Fanta. Mawu oti ine pa msinkhu wanga asatuluke pakamwa panu, akatuluka mnyamatayo asiya kukuonetsani zinsinsi za ntchito ndipo muzingonyamula makwerero chaka chonse. Ukulu wanu uonekere pofika nthawi yake, posunga ndalama ya kasitomala, poyankha foni, pomaliza ntchito tsiku lomwe munanena. Achinyamata ambiri apa ndi pomwe amagwa, ndipo makasitomala amalipira zimenezo.

Thupi nalo musalinamize. Dzuwa la Okutobala kuno si la masewera kwa munthu yemwe wakhala pansi pa fan zaka 15. Kayezetseni BP ndi shuga musanayambe ntchito ya mphamvu, magalasi a maso ngati mukulowa zosoka kapena zokonza mafoni, chipewa, madzi, nsapato zotseka. Ngati medical scheme inali ya ku ntchito, dziwani kuti yathera pa geti, ikani kenakake pambali ka chipatala.

Mitengo musagwetse kwambiri pofuna kukopa anthu, mukayamba motchipa kukweza kumavuta ndipo amisiri anzanu akudani. Achibale ndi anzanu a ku ntchito yakale abwera ndi tipangireni tidzakuonani, ikani lamulo tsiku loyamba, theka patsogolo, ndipo ngongole ilembedwe m'kope iwo akuona. Dzilipireni salale yokhazikika olo ikhale yochepa, yotsalayo ndi ya bizinesi.

Pomaliza tsegulani kope lija tsamba lakumapeto mulembe tsiku ndi nambala, akunyumba asainire ngati mboni. Mwachitsanzo, ikafika miyezi 6 ntchito yatsopano isanayambe kulipira theka la zapakhomo, kapena ndalama ya pakhomo ikatsala ya miyezi iwiri, ndiyamba kusaka ganyu kapena ntchito ya mtundu wakale uku ndikupitiriza izi Loweruka. Chifukwa chake setifiketi yakale, layisensi, umembala wa bungwe la ntchito yanu, zonse zikhale zamoyo, muzilipira zikamatha. Manambala a anzanu akale musafufute, ndipo kamodzi pa mwezi muziwaimbira.